Ankhoswe Osenda Mawu

Loweruka, pa 3 Juni, anthu asanu anakhala pansi kuti athetse ukwati. Panali mkazi wina, telala, amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo, pamsika wa m'mbali mwa msewu. Panali mwamuna wake, mlimi wa tomato ndi masamba, amene dimba lake linali kumudzi kwawo, kuseri kwa phiri. Panali ankhoswe awiri: wa kuchikazi anali malume wa mkaziyo, wa kuchimuna anali mkulu wake wa mwamunayo. Wachisanu anali mkulu wa mpingo, amene anabwera kudzaona kuti zinthu zithe popanda kugwirana makolala.

Awiriwa anali ndi mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Sungeni. Tsiku limenelo anamuuza kuti akasewere kwa anansi.

Ukwatiwo unali utafa kalekale. Chimene chinatsala chinali kutukwanana, ndipo kwambiri kunkachitikira pafoni. Mwamuna akaimba, mkazi ankayankha ndi chipongwe. Mkazi akaimba, mwamuna ankakumbutsa zolakwa za zaka zapitazo. Ankhoswe anali atatopa nazo. Mwamuna atamusudzula mkaziyo monga mwa mwambo, nkhoswe wa kuchimuna anaika lamulo.

"Kuyambira lero inu awiri musalankhulanenso," iye anatero. "Mkamwa mwanu muli moto. Mwana azikhala ndi amake nthawi ya sukulu, pa tchuthi azipita kwa bambo ake. Chilichonse chokhudza mwanayo chizidzera mwa ife. Inu mayi muziuza amalume anu, amalume anu aziuza ine, ine ndiziuza mng'ono wangayu. Zochokera kwathu zizibwerera njira yomweyo."

Anawalamula kuti atulutse mafoni awo. Pamaso pa onse, aliyense anafufuta nambala ya mnzake. Kenaka amalume anatembenukira kwa mkazi uja nati, "Ndipo iwe, tisadzamve kuti waponda kumudzi kwawo. Anthu adzati ukulondola mwamuna amene anakusiya, ndipo manyazi ake adzagwera ife tonse."

Kwa mwamuna palibe amene ananena mawu otere. Iye akanatha kudutsa pamsika tsiku lililonse ndi dengu la tomato, kudutsa ngakhale pakhonde la telala, osanenedwa kanthu. Mkazi uja anachiona chimenechi, koma anavomera lamulolo, pakuti nayenso ankafuna mtendere.

Ntchito ya unkhoswe ndi yakale, ndipo ili ndi luso lake. Nkhoswe sanyamula mawu monga wawalandirira. Amawasenda ngati nzimbe: amachotsa makoko olimba, amadula mfundo, n'kukapereka pokoma pokhapokha. Maukwati ambiri aima chifukwa cha luso limeneli, ndipo amuna awiri aja anali akatswiri.

Tsiku lina mkazi uja anauza amalume ake kuti, "Mukamuuze munthu ameneyo kuti mwana wake akupita kusukulu zala zili panja pa nsapato, ngati alibe bambo." Amalume anakauza nkhoswe mnzawo kuti, "Nsapato za mwana zatha." Nkhoswe wa kuchimuna anakauza mng'ono wake kuti, "Akuti mwana akukula bwino, phazi latalika." Bambo uja anamwetulira, ndipo tsiku la msika litafika anagula nsapato.

Pa tchuthi china bamboyo anayang'ana mwana wake nati, "Mukawafunse amake ngati mwanayu amadya ulusi. Taonani mmene waondera." Kwa telala kunafika uthenga wakuti, "Akuthokoza, akuti mwana ndi wopepuka thupi, amathamanga bwino." Patapita nthawi, mayi wina wa kumudzi kuja anabwera kudzasoketsa diresi, ndipo pocheza anaulula mawu enieniwo. Telala anapsa mtima, kenaka anaseka yekha. Kuyambira pamenepo anadziwa kuti uthenga uliwonse womufika ndi kachidutswa chabe, ndipo kuti makoko ake anatsala panjira.

Zinthu zinayenda choncho, ndipo anthu ankayamikira. Ankati ankhoswe amenewa ndiwo odziwa ntchito, pakuti banja lija linatha koma phokoso silinamvekenso.

Sungeni ali m'kalasi lachitatu, anagwa kusukulu. Anakuwa, anauma thupi lonse, nayamba kuphupha pansi, thovu likutuluka kukamwa. Anzake anathawa. Patapita masiku anagwanso kunyumba, pafupi ndi mbaula. Mayi ake anapita naye kuchipatala, ndipo dokotala atamuyeza anati ndi matenda akugwa. Anawalimbitsa mtima kuti ana ambiri otere amakula bwino, amaphunzira, amagwira ntchito. Koma anawachenjeza kuti mapiritsi azimwedwa m'mawa ndi madzulo osadumphitsa, pakuti akasiyidwa mwadzidzidzi kugwa kumabwerera mwamphamvu. Anatinso mwanayo asamakhale yekha pamoto kapena pamadzi.

Mapiritsi anagwira ntchito. Sungeni anasiya kugwa. Koma tchuthi chachitali chinali pafupi.

Mkazi uja anaganiza za dimba. Ankalidziwa bwino, pakuti m'masiku a ukwati anathiriramo ndi manja ake. Munali zitsime zokumba pamanja, zopanda mpanda, zokhala pakati pa mizere ya tomato, m'mphepete mwake moterera. Anaganiza zokaniza mwanayo. Amalume anamuuza kuti akatero aphwanya pangano, ndipo akuchimuna adzati akuwalanda mwana. Sungeni nayenso ankangonena za bambo ake, nalongedza kachikwama kake sukulu isanatsekere.

Tsono telala anaitana amalume ake, nawapatsa mapiritsi m'manja.

"Amalume, mawu awa mukawanene monga ndikuwanenera," anatero. "Sungeni ali ndi matenda akugwa. Mapiritsi awa azimwa m'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse, kaya akuoneka wodwala kaya wathanzi. Asakhale yekha pamoto. Asayandikire zitsime za kudimba. Ndipo mukamuuze munthu ameneyo kuti mwana wanga akakagwera m'chitsime chifukwa cha tomato wake, sindidzamukhululukira mpaka kumanda."

Amalume anagwedeza mutu, nanyamuka. Ali panjira anawasinkhasinkha mawuwo. Omaliza aja anali ankhondo, ndipo anawataya. Kenaka anaona kuti za chitsime ndi za moto nazonso zili ndi fungo lomwelo, ngati kunena kuti kwa mwamunayo anthu sadziwa kusamala mwana. Anazitayanso. Kwa nkhoswe mnzawo anangoti, "Mwana wapezeka ndi matenda akugwa. Mankhwala ndi awa, azimwa."

Nkhoswe wa kuchimuna atamva dzina la matendawo anadzidzimuka. Ankawadziwa anthu a kwawo. Funso loyamba silikanakhala lakuti mwana timusamale bwanji. Likanakhala lakuti matendawa achokera kumtundu wa yani, kapena wamulodza ndani. Anaona mabanja awiri akulozana zala, naona mtendere umene anaumanga movutikira ukugwa. Iye sanali munthu woipa. Anachita zimene ankachita nthawi zonse. Anafika kwa mng'ono wake nati, "Akuti mwana amamva mutu nthawi zina. Akadandaula, uzimupatsa awa."

Bamboyo anaika mapiritsi pamwamba pa khoma, nadikira kuti mwana adandaule.

Sungeni sanadandaule. Mapiritsiwo ankamupatsa tulo, ndipo anakondwa kuwasiya. Za kugwa sananene, pakuti ankakumbukira mmene anzake anamuthawira kusukulu, ndipo sankafuna kuti kwa bambo akenso amuthawe.

Tchuthi chili mkati, m'mawa wina amalume anafika pakhonde la telala, nkhope ili yowala. Anamupeza akusoka siketi ya mwini sitolo.

"Make Sungeni, ndabwera ndi zabwino," anatero, akukhala pabenchi. "Akuti mwana akusangalala. Akuthandiza bambo ake kuthirira, mpaka wada ndi dzuwa. Kungoti dzana anachita kachizungulire pang'ono, koma wadzuka."

Phazi la telala linaima pamakina.

"Akuthirira?"

"Ee, wasanduka mlimi weniweni ameneyo."

"Amalume, za zitsime munanena?"

Amalume anakanda kumutu. "Iwenso, mawu ako aja anali ndi minga. Ndikanawanyamula onse bwenzi pano tili pamilandu."

"Nanga dzina la matenda?"

"Limenelo ndinanena. Kwa mnzanga ndinanena."

"Mnzanuyo anakanena chiyani?"

"Nanga ine ndinali pomwepo?"

Mkazi uja anayang'ana nsalu imene inali pansi pa singano, osaiona. Ankadziwa kayendedwe ka mauthenga panjira imeneyi. Chipongwe chinkafika chitasanduka kuthokoza. Mkwiyo unkafika utasanduka moni. Ngati uthenga wadutsa mwa anthu awiri odziwa kusenda, n'kufika udakali ndi mawu akuti chizungulire, ndiye kuti pochoka unali wotani?

"Mwana wanga wagwa," anatero. "Wagwera kudimba, ndipo sakumwa mankhwala."

"Usadzipweteke ndi maganizo. Loweruka ndidzapita kukaonana ndi mnzanga, tidzafunsitsa bwinobwino."

"Ndikupita lero."

Amalume anaimirira. "Iwe, lamulo lija waliiwala? Munthu uja anakwatira, pakhomo pali mkazi wina. Ukakafika kumeneko anthu adzati chiyani?"

"Nanga pamaliro adzati chiyani, amalume?"

Telala anavundikira makina ake ndi chitenje, siketi ili theka, naitana wakabaza.

Njira yake inali yokwera, ndipo pena ankatsika n'kuyenda wapansi. Mantha anali awiri mumtima mwake. Ena anali a mwana. Ena anali a maso a anthu, ndipo anachita manyazi kuona kuti amenewanso anali amphamvu. Polowa m'mudzi anadutsa pamjigo, pamene amayi ankatunga madzi. Anamuzindikira nthawi yomweyo.

"Taonani, atelala abwerera!" anatero mmodzi. "Kodi kumsika amuna atha?"

"Auzeni kuti mpando uli ndi mwini tsopano," anatero wina, ndipo onse anaseka.

Iye sanacheuke. Sanalowere kunyumba ya mwamuna uja. Anatsetserekera kudimba.

Anawapeza onse atatu. Sungeni anali atagona pathumba pansi pa nthochi, mikono yochepa chabe kuchokera pachitsime. Mkazi watsopano anali chapatali, akupalira, akumayang'ana mwanayo mwamantha. Bamboyo anali atavala malaya a paulendo. Abale ake anali atagwirizana kuti masana amenewo apite ndi mwana kwa sing'anga, akafunse amene wachita zimenezi.

Ataona mkazi wake wakale, nkhope yake inauma.

"Amake Sungeni, mwaphwanya lamulo."

"Ndaphwanya, Bambo a Sungeni. Sindinadzere inu, sindinadzere nyumba yanu. Ndili ndi funso limodzi. Dzana mwanayu anatani?"

Mwamunayo anayang'ana kuchitsime. Kenaka mawu anatuluka okha, ngati a munthu amene wakhala akusowa womuuza.

"Anali ndi chitini, akupita kukatunga. Ndinangomva kukuwa. Pocheuka ndinaona wauma ngati mtengo, wagwa, akuphupha, miyendo ili kale m'chitsime. Ndinamugwira diresi. Ndikanakhala kumzere wa kumapeto uko, lero bwenzi tikunena zina. Tsiku lomwelo ndinatuma akulu anga. Ndinati mwana watsala pang'ono kufa, amake atiuze ngati akudziwapo kanthu, ndipo atiuze msanga."

"Kwa ine kwafika lero. Akuti kachizungulire pang'ono."

"Kachizungulire?"

"Nanga kwa inu kunafika chiyani pamodzi ndi mapiritsi aja?"

"Munati amamva mutu. Munati akadandaula ndizimupatsa."

"Ine ndinati ali ndi matenda akugwa."

Khasu la mkazi watsopano linaima. Kenaka mantha a bambo uja anasanduka mkwiyo, monga zinkachitikira kale.

"Ndiye inu munadziwa! Munadziwa, n'kunditumizira mwana ngati katundu, ine ndikumutuma kuchitsime tsiku ndi tsiku! Mayi wanji wotere?"

Mawu akale anakwera kukhosi kwa telala. Anali okonzeka, akuthwa, ambiri. Akanatha kumufunsa kuti bambo wanji wosaona kuti mwana sali bwino. Akanatha kumukumbutsa amene anagona pabenchi la kuchipatala ali yekha. Zonsezo zinali zoona, ndipo akanazinena bwenzi tsikulo litathera m'kukuwa. Anayang'ana Sungeni, amene anali atadzuka n'kumawayang'ana onse awiri, maso ali tong'o. Pamenepo panalibe nkhoswe womusendera mawu. Anayenera kusankha yekha chotaya ndi chosunga.

"Za mayi wanji tisiye," anatero. "Mverani zimene ndinatumiza. Sungeni ali ndi matenda akugwa. Adokotala anamuyeza. Sanalodzedwe, ndipo si mlandu wa kwanu kapena wa kwathu. Mapiritsi azimwa m'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse, ngakhale akuoneka wathanzi. Asakhale yekha pamoto. Asayandikire chitsime. Akamamwa bwino, sagwa."

Analekera pomwepo. Mawu aja a kumanda sanawanene.

Bamboyo anakhala pansi pamzere, nagwira mutu wake ndi manja awiri. Kenaka anafunsa, mwa mawu otsika, "M'mawa nthawi yanji?"

"Akatha kudya phala."

"Akasanza?"

"Zimenezo tikafunse kuchipatala. Wadumphitsa masiku ambiri, ayenera kukamuonanso lero lomwe."

Apo mkazi watsopano anaika khasu pansi, nayandikira pang'onopang'ono. Telala anali atamuda mkaziyu nthawi yaitali asanamuone n'komwe. Tsopano anaona kuti ndi mtsikana chabe, wamantha.

"Mayi," anatero mtsikanayo, akugwada, "amene ndimakhala ndi mwanayu pamoto ndine. Dzana ndinathawa. Anandiuza kuti thovu lake likakukhudza nawenso umayamba kugwa. Chikhalire sindikupeza mtendere. Ndiphunzitseni."

"Sizipatsirana," anatero telala. "Ine ndalipukuta ndi dzanja ili kangapo, ndipo ndili pano. Bwerani kuno."

Anaitana Sungeni, namugoneka pathumba paja. Anawaonetsa onse awiri mmene angamutembenuzire chammbali, ndi mmene angaikire chitenje pansi pa mutu wake. Anawauza kuti asamupanikize, asamuthire madzi, ndipo asamuike supuni kapena chala mkamwa. Bamboyo anayesa, manja ake okhakhala akuchita mantha ngati agwira dzira. Mtsikana uja anayesanso. Sungeni, poona akuluakulu atatu akumutembenuza uku ndi uku ngati mtanda wa mandasi, anaphulika kuseka.

"Kodi simundithawa?" anafunsa.

"Ndithawire kuti, dimba ndi langa?" anatero bambo ake. Koma popukuta nkhope anatembenukira kumbali.

Ulendo wa kwa sing'anga unathera pomwepo. Bamboyo anakweza mwana panjinga yake, telala akutsatira pakabaza, napita kuchipatala. Anadutsanso pamjigo paja, ndipo amayi aja anayang'ana kukamwa kuli yasa. Kuchipatala analowa onse awiri, nakhala pabenchi limodzi, mwana ali pakati. Dokotala analankhula kamodzi, ndipo onse awiri anamva mawu amodzimodzi.

Potuluka, bamboyo anatulutsa foni yake naipereka kwa telala.

"Lembanimo nambala."

"Za mwana zokha," anatero telala.

"Za mwana zokha."

"Mukadzayamba kutukwana ndidzadula."

"Inunso mukadzayamba, ndidzadula. Koma ndidzaimbanso, chifukwa mwana sadzakhala atatha."

Sungeni anagwira chitenje cha mayi ake. "Amayi, mukunditenga?"

Mtima wonse wa telala unkati inde. Akanamutenga, palibe akanamutsutsa tsiku limenelo. Anayang'ana mwamuna uja, amene anali atamanga mapiritsi pakansalu n'kuwaika m'thumba la malaya, chapamtima. Anamumva akuuza wakabaza kuti akudziwa pamene pali bango labwino, kuti mawa kusanatenthe zitsime zonse zikhala ndi mpanda.

"Tchuthi sichinathe," anauza mwanayo. "Khala ndi bambo ako. Madzulo ndiimba kuti ndimve ngati wamwa."

Anaimbadi. Anayankha ndi bamboyo, nati, "Wamwa," n'kupereka foni kwa mwana.

Ankhoswe atamva kuti lamulo laphwanyidwa anakwiya, naitanitsa bwalo. Atamva mmene miyendo ya mwana inalendewerera m'chitsime, mkwiyo wawo unazilala. Nkhoswe wa kuchimuna anayang'ana pansi nati, "Ife tinkafuna mtendere." Palibe anamutsutsa, pakuti zinali zoona.

Awiri aja sanabwererane, ndipo sanasanduke mabwenzi. Masiku ena mawu ankakwera, wina n'kudula foni, kenaka n'kuimbanso. Amayi a pamjigo anapitiriza kunena kwa kanthawi, mpaka anapeza nkhani ina. Koma Sungeni ankamwa mapiritsi ake m'nyumba zonse ziwiri, ndipo sukulu itatsekulira anabwerera m'kalasi ali wamoyo.

Inu amene mukumva fanizoli, musafulumire kuweruza ankhoswe aja ngati anthu abodza. Iwo anagwira ntchito ya ukwati pamalo pamene panalibenso ukwati. Kufewetsa mawu kumathandiza pamene anthu awiri akufuna kukhululukirana. Koma mwana sakula ndi mawu ofewa. Amakula ndi mawu enieni: dzina la matenda ake, nthawi ya mankhwala ake, tsiku la mayeso ake, chimene chimamuopsa. Mawu otere akachepetsedwa, amene amalipira ndi mwana.

Inu makolo amene munasiyana, palibe akukupemphani kuti mukondanenso. Chipongwe chotsani nokha, ndipo choona muchisiye chathunthu. Ntchito imeneyi ndi yowawa, koma ndi yanu, ndipo wina sangakugwirireni.

Koma mawu anga aakulu akupita kwa inu ankhoswe, inu akulu a mipingo, inu eni mbumba, amene mumakhala pamphasa pothetsa maukwati. Polowa m'banja mumatilangiza mpaka mawu kusasa. Potuluka mumangoti musalankhulanenso, n'kumwazikana. Ndipo chiletso chimenechi mumachimangirira pakhosi pa mkazi yekha. Mwamuna akafunsa za mwana wake mumati ndi bambo wosamala. Mkazi akafunsa za mwana yemweyo mumati akulondola mwamuna. Kodi ndi amayi angati amene akhala pakhonde, akudziwa kuti mwana wawo ali pangozi, koma akuopa pakamwa panu?

Lekani zimenezi. Musadzathetsenso ukwati wa anthu amene ali ndi mwana musanawakhazike pansi maso ndi maso kuti agwirizane mmene azilankhulirana za mwanayo. Ngati mukuopa kuti akangana, khalani pomwepo ngati mboni, koma mawu atuluke mkamwa mwa mayi n'kulowa m'khutu la bambo, atuluke mkamwa mwa bambo n'kulowa m'khutu la mayi. Ndipo mayi akadzanyamuka masana kupita kumene kuli mwana wake, inu mukhale oyamba kuimirira pamaso pa anthu ndi kunena kuti wachita bwino. Tikufuna kumva mukunena zimenezi pabwalo lanu lotsatira.